Mayi Namulowa, Amene Anavulidwa Yunifolomu

Mayi Esinati Namulowa tawayika m'manda sabata yatha, chiperoni chikuwaza. Amayi a mpingo tinapita ndithu, koma titavala zitenje wamba ngati anthu ongodzakhuza. Uthenga unali utabwera kuchokera kwa abusa kuti pasapezeke wovala yunifolomu, chifukwa malemuwo amwalira ali pa chilango. Pa bokosi pawo sipanayalidwe bulauzi yoyera ndi duku monga timachitira ndi mnzathu aliyense. Mkulu wa mpingo mmodzi anawerenga mawu mothamanga ngati basi ikumusiya, adzukulu n'kuyamba kukwirira.

Ine ndinawadziwira ku esiteti ya tiyi kufupi ndi Muloza, kumene tinkakhala mzere umodzi wa nyumba za kampani. Ndinali nditangokwatiwa kumene, iwo ali kale mayi wamasiye wa ana akuluakulu. Tisanamizane, sanali munthu wokondeka msanga. Anali wamfupi, wa mapewa ngati mwamuna, ndipo akamanong'ona munthu wa nyumba yachitatu ankamva. Fodya wa m'mphuno ankamusunga m'kabotolo kamene kankakhala pa mfundo ya chitenje, ndipo ankati amene akuti ndi tchimo awaonetse vesi yake. Akakwiya, Chichewa chinkawachepera, ankalowa Chilomwe chenicheni chimene ife ana a kuno timangotolamo mawu awiri atatu.

Popemphera sankatsinzina. Abusa ena atawadzudzula, anawayankha kuti Ambuye anati tikhale maso ndi kupemphera, sanati tisankhepo chimodzi. Ndi akapitawo a ku tiyi ankakangana pafupifupi tsiku lililonse pa sikelo, ndipo nthawi zambiri dengu limene akukanganiralo silinali lawo, linali la wina wamantha. Mnzawoyo akafuna kuthokoza ankamukalipiranso kuti pakamwa anapasiya kuti. Kalongonda wawo, nyemba zija zoledzeretsa zikapanda kupsa bwino, ankadziwika mzere wonse. Ankamuphika kuyambira m'mawa, kutaya madzi, kuthiranso ena, ndipo ankakonda kunena kuti munthu wosatha kudikira kalongonda asamapatsidwe udindo mu mpingo, adzadyetsa anthu chiphe.

Iwo anabadwira kutsidya, ku Mozambique. Makolo awo anawoloka nawo ali pamsana, pothawa ntchito ya chibalo ya Apwitikizi. Za malire sankazilemekeza. Ankati amene anadula malirewo anali asanakhalepo ndi maliro a m'bale wake oti akayike.

Achinyamata a masiku ano amangowadziwa ngati gogo wolongolola amene ankakhala mpando wakumbuyo m'tchalitchi, wosadya mgonero. Ambiri ankaganiza kuti anachimwa ndi mwamuna wa mwini, kapena ankatcheza kachasu. Palibe amene anawauza kuti gogo ameneyu ndiye anali mtsogoleri wa amayi onse a mpingo wathu m'zaka za nkhondo ya kutsidya.

Nkhondoyo itafika pa Milange, tawuni ndi midzi yozungulira zinagwa m'manja mwa anthu a mfuti ochokera kutchire. Amene anatha kuthawa anathawira kuno. Anatsala okalamba, odwala, ndi amene anachedwa. Anthu a mfutiwo anakhazikika ngati eni dziko. Chakudya ankalanda, anyamata ankawasenzetsa katundu ulendo wa masiku, ndipo atsikana ankawagawana. Mpingo wathu unali ndi nthambi kutsidyako, kachalichi kofolera udzu kumene abale athu enieni ankapemphera.

Kuno nako sikunali kolankhula. Inali nthawi ya chipani chimodzi, makoma anali ndi makutu, ndipo nkhani ya amene akumenyana kutsidya sinali yokamba pagulu. Abusa a nthawi imeneyo ananena kuti tiziwapempherera abale athu chamumtima. Akulu a mpingo anagwedeza mitu. Mayi Namulowa anadikira Lachinayi, tsiku la amayi, n'kutifunsa kuti kodi ntchito yathu yoyendera odwala imathera pa mtsinje? Lachinayi lotsatira anavala yunifolomu, anasenza mchere ndi sopo, nawoloka mtsinje wa Muloza pa doko la kumunsi. Amene anawatsatira tsiku limenelo anali mayi Dorika Makhwala okha.

A Dorika anali wachiwiri wawo pa udindo, komanso mnzawo wa pamtima. Awiriwa anali osiyana ngati moto ndi madzi. A Dorika anali ofatsa, oseka chamumtima, a mawu okoma poyimba, ndipo mwendo wawo wakumanzere unkatupa moti ankayenda mokoka. Amuna awo, bambo Makhwala, anali kalaliki ku esiteti komanso mkulu wa mpingo.

Anthu a mfuti aja anawalola amayi awiriwa kudutsa chifukwa kutsidya mchere unali utasowa, komanso chifukwa mkulu wa asilikali a pa dokopo, amene ankamutchula kuti komandanti, ankafuna kudziwika ngati munthu woopa Mulungu. Ankayenda ndi Baibulo lopanda chikuto m'thumba. Anati amayi a mapemphero azibwera, bola theka la mchere lizitsala kwa iye. Pang'ono ndi pang'ono gulu linakula, ine ndinalowamo.

Tsiku lina komandantiyo anatiyimitsa kuti tipempherere mfuti zake zipambane. Asilikali ake anagwada. Mayi Namulowa anakweza manja, maso ali tong'o, nati, "Ambuye, anthu awa mukuwadziwa, ntchito zawo mukuziona. Apatseni monga mwa ntchito zawo, musawachepetsereko ngakhale pang'ono." Onse anayankha kuti ameni. Tinaseka titafika kuno, mpaka a Dorika anakhala pansi m'munda wa chinangwa.

Koma za mchere zinali chophimbira chabe. Popita tinkavala mayunifolomu awiriawiri, ina mkati ina kunja. Tinkapita onenepa, n'kubwera owonda. Ku kachalichi kuja kunali mkulu wina wokalamba amene ankabisa atsikana amene asilikali anali asanawatenge. Tikalowa n'kuyamba nyimbo, kumbuyo ena akuveka mtsikana siketi yakuda, bulauzi yoyera ndi duku lofika m'maso, n'kumupaka phulusa pang'ono kumaso kuti aoneke wotopa. Pobwerera ankayenda pakati pathu, atawerama, dengu lopanda kanthu lili pamutu. Masana alonda a pa doko ankakhala atakhuta kachasu, ndipo mayi Namulowa ankati mwamuna sayang'ana nkhope ya mkazi wovala yunifolomu, amangoona amayi ake. Tinkanyamulanso mawu: njira imene akwiriramo mabomba, mudzi umene akufuna kukalanda mawa. Amuna athu sankadziwa. Tinapangana kuti tisawauze, chifukwa mwamuna akadziwa chinthu, bwalo la mpingo ladziwa.

Sindikudziwa kuti tinawolotsa angati. Sitinkawerenga.

Kenako panabwera nkhani ya Filomena. Anali kamtsikana kotha msinkhu kumene, ndipo komandanti anali atakaloza kale kuti n'kake, akudikira kuti abwere ku ulendo adzakatenge. Agogo ake anakabweretsa ku kachalichi akulira. A Dorika anakokera mayi Namulowa pambali, ine ndikumva.

"Esinati, uyu ayi. Ena aja sankawadziwa nkhope. Uyu amufunafuna."

"Ndiye timusiye?"

"Sindikuti timusiye. Ndikuti tikamutenga, njira yatsekeka. Ndiye enawo?"

"Enawo sali pano. Ali pano ndi uyu."

A Dorika anapumira m'mwamba, navula okha bulauzi yawo yamkati n'kumuveka Filomena.

Inali nthawi ya chilimwe, madzi akulekeza m'mawondo, dzuwa litangopendeka. Ife a kutsogolo tinawoloka bwinobwino, Filomena ali pakati pathu, tinakwera mtunda wa kuno. Mayi Namulowa anali pakati pa mtsinje. A Dorika, ndi mwendo wawo uja, anali akadali pa mchenga wa kutsidya akukwinya siketi. Ndipamene tinamva mabelu a njinga. Komandanti anali wabwerako msanga, ndipo wina anali atamutsina khutu. Anatsika panjinga n'kuwagwira a Dorika pa dzanja.

Mtsinjewo pamenepo ndi wopapatiza, mawu amamveka bwino. Komandanti anakuwa kuti, "Mama, bwezani mkazi wanga, mutenge mnzanuyu."

"Si mkazi ameneyu, ndi mwana," anatero mayi Namulowa. Anatitembenukira n'kutiuza m'Chilomwe kuti tithamange naye mwanayo. Ena anathamanga naye. Ine ndinatsala pa mtunda. Mayi Namulowa anabwerera kutsidya, madzi akuwakhavukira, nakayima pamaso pa komandanti. Anamuuza kuti wokonza zonsezi ndi iwo, awatenge iwo, wodwala mwendoyu amusiye. Komandanti anaseka. Anati wokonza ndi amene akudziwa kumene mtsikana ali, ndiye apite akamutenge. Msilikali wina anawamenya ndi mfuti pakamwa, nawakankhira m'madzi.

Atadzuka, magazi akutsikira pa bulauzi, anayima pang'ono. Kenako anayamba kuwolokera kuno. Pamenepo a Dorika anakuwa. Sanayimbe nyimbo, sanatchule vesi. Anakuwa ngati mwana kuti, "Esinati, usandisiye! Esinati, ana anga!" Anakuwa mpaka anawakokera kuseri kwa bango.

Mayi Namulowa sanamubweze Filomena. Usiku sunade asanamutumize kutali, kwa abale ena cha ku Milonde. M'mawa mwake anawolokanso okha ndi thumba la mchere. Asilikali analandira mcherewo, a Dorika osawaonetsa. Anapitanso ndi mbuzi yawo. Anapitanso ndi wailesi imene amuna awo anawasiyira. Ulendo womaliza anawawombera mfuti m'mwamba asanafike n'komwe m'madzi, ndipo kachalichi kaja kanali katatenthedwa. Patapita miyezi, munthu wina wothawa kumeneko anatiuza kuti a Dorika anawasenzetsa thumba la chimanga ulendo wa kumapiri, mwendo unakanika panjira, ndipo sanawaonenso. Manda awo palibe akuwadziwa.

Bambo Makhwala anatsala ndi ana ang'onoang'ono, womaliza asanayambe sukulu. Ine sindiwaweruza pa mkwiyo wawo. Ankadziwa kuti akazi awo amapita kukapempherera odwala, basi. Bwalo la mpingo litakhala, anawafunsa mayi Namulowa pamaso pa onse kuti akazi awo ananena chiyani pomaliza. Ena tinkayembekeza kuti afewetsa mawu. Iwo, milomo ikadali yotupa, mano akutsogolo palibe, anati, "Anati ndisawasiye. Anatchula ana. Ine ndinawasiya."

Bambo Makhwala anatuluka panja kukasanza.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti bwalolo silinawaweruze pa za a Dorika. Mlandu umenewo unawalemera, anauzemba. Anapeza wina wopepuka: kuti anaveka zovala zopatulika atsikana osabatizidwa, kuti anachita zinthu mobisira akulu, ndiponso kuti akanayika mpingo m'mavuto ndi boma. Ife ena anatidzudzula n'kutikhululukira, poti tinasocheretsedwa. Iwo anawayimitsa mgonero, nawalamula kuti abweze yunifolomu kufikira atalapa. Lamulungu lotsatira anabwera nayo yochapa, yosita, ataipinda bwino m'lichero, naiyika patebulo la kutsogolo. Banga la magazi linali lisanachoke pa kolala. Anakakhala kumbuyo, ndipo sanajombepo Lamulungu ngakhale limodzi kwa zaka zonse zotsatira.

Abusa anasinthana ambiri. Aliyense akabwera ankawayendera n'kuwauza kuti nkhani yake ndi yaing'ono, angoyima pamaso pa mpingo anene kuti analakwa kuveka anthu akunja zovala za Ambuye, abwerere. Yankho lawo linali limodzi. Ankati za Dorika akhoza kugwada pakhomo pa a Makhwala tsiku lililonse mpaka imfa, ndipo anayesadi kangapo, anawatsekera chitseko. Koma za nsalu sangalape, chifukwa tsiku limene nsalu imeneyo inagwira ntchito ya Mulungu ndi lomwelo limene inavalidwa ndi osabatizidwa.

Nkhondo inatha, othawa anabwerera kwawo, kuno nako kunabwera zipani zambiri. Mwadzidzidzi aliyense anakhala wolimba mtima. Anthu amene ankatseka mawindo tikamadutsa anayamba kufotokoza mmene ankalimbanirana ndi nkhanza. Nthawi ya kampeni mayi Namulowa ankakana nsalu za zipani zonse. Ankati anavulidwa kale nsalu imodzi, sakufuna ina yoti adzawavulenso.

Chaka china kunabwera alendo akunja ofuna kumva mmene mpingo unathandizira anthu pa nthawi ya nkhondo. Anapereka thandizo lomangira nyumba ya amayi, ndipo anagwirizana kuti itchedwe dzina la a Dorika. Pa tsiku lotsegulira kunali makwaya, kunali mipando ya pulasitiki, kunali bwana wina wofuna mpando wa ku nyumba ya malamulo amene anagula malata. Kutsogolo kunakhala akulu a mpingo, ena mwa iwo omwe aja anakhala pa bwalo. Bambo Makhwala anali pamenepo ndi ana awo, atakula, atavala bwino. Mayi Namulowa sanayitanidwe. Anabwera okha, nayima kumbuyo pansi pa mtengo wa mapeyala.

Abusa a nthawi imeneyo anali mnyamata wophunzira, wolankhula mokoma, amene pa nthawi ya nkhondo anali ku pulayimale kwawo kutali. Sindikuti ananama dala, ananena zimene anauzidwa. Anafotokoza mmene mpingo, motsogozedwa ndi akulu ake, unakonzera njira yopulumutsira ana. Kenako anafika pa nkhani ya pa mtsinje ija. Anati mayi Dorika, atagwidwa, anakweza mawu nati, "Pitani naye mwanayo, ine ndili m'manja mwa Ambuye." Anthu anayamba nthungululu. Mzungu wina ankapukuta misozi.

"Bodza!"

Mawuwo anachokera pansi pa mtengo wa mapeyala. Nthungululu zinaduka.

"Bodza limenelo, abusa. Dorika sanafune kufa. Anati, Esinati usandisiye. Anali ndi mantha, anali ndi ana. Musamubere ngakhale kulira kwake. Ndipo akulu mukuwatamawo, afunseni anali kuti."

Womasulira anangoti kukamwa yasa, osadziwa choti awauze alendo. Mwana wamkazi wa a Makhwala anayamba kulira. Achinyamata awiri anawagwira mayi Namulowa mikono n'kuwaperekeza kumsewu, ndipo wotsogolera mwambo anapepesa alendo kuti gogoyo mutu suyenda bwino. Kwaya inayamba nyimbo. Madzulo ake ndinawapeza mayi Namulowa pakhomo akusenda chinangwa. Ndinawafunsa ngati kunali koyenera kuwapweteka ana aja pa tsiku lotere. Anati mwina sikunali koyenera. Koma anati akalola kuti Dorika anapita mosangalala, ndiye kuti palibe amene analipira kanthu, ndipo mawa anthu adzatumiza mkazi wina ku mtsinje mosavuta.

Filomena ali moyo. Anakwatiwa kwawo, ali ndi ana, amagulitsa nsalu ndi mafuta ophikira pa malire. Sanabwerepo kudzawaona mayi Namulowa. Tsiku lina tinakumana naye pa msika wa Muloza, ine ndi iwo. Anatizindikira, n'kutembenuka kuyamba kukonza katundu wokonzeka kale. Ine magazi anawira. Ndinafuna kukamufunsa ngati akudziwa kuti mano a mayi awa anatsala kuti. Mayi Namulowa anandigwira chitenje. "Musiye," anatero. "Ndani angakonde kuona tsiku ndi tsiku mtengo umene anamugulira? Taona mmene wanenepera. N'zimene tinkafuna." Koma ulendo wonse wobwerera fodya sanamukhudze.

Atakalamba, kampani inawatulutsa m'nyumba monga imachitira ndi aliyense amene manja ake aleka kuthyola tiyi. Anamanga kanyumba ka zidina pa malo a mlongo wawo, m'mphepete mwa munda. Ana awo ali kutali, ankabwera mwa apo ndi apo. Atadwala komaliza, abusa a tsopano anapita ndi mgonero m'chikwama, okonzeka kuwapatsa ngati atangonena mawu amodzi olapa. Ine ndinalipo. Anali atafooka moti mawu aakulu aja anali atatsala mpweya wokha. Abusa anawerama kuti amve. Mayi Namulowa anawauza kuti asavutike, nkhaniyo akakamba okha ndi mwini mgonero.

Pa maliro, anthu akubalalika, ndinaona bambo Makhwala atakhala pa chitsa, ndodo ili pakati pa miyendo. Sindinayembekeze kuti abwera. Akalamba kwambiri, maso achita ng'ala. Anandizindikira ndi mawu pamene ndinawapatsa moni, nandigwira dzanja osalisiya.

"Mwatsala ndinu nokha amene munamva," anatero.

"Ndatsala ndine ndekha, bambo."

"Zidzukulu zanga zimadziwa zimene zinanenedwa pa tsiku la nyumba ija. Zimawanyadira agogo awo." Kenako anati, "Muzisiye choncho."

Sindinawalonjeze kanthu. Anandisiya dzanja, mdzukulu wawo n'kuwakweza pa njinga.

Dzulo ndinadutsa pa kanyumba ka mayi Namulowa. Sabata imodzi yokha, koma achibale achotsa kale malata ndi chitseko, akuti zingabedwe. Mvula yalowa, pansi pozira paja pasanduka matope, ndipo khoma la kumbuyo layamba kung'aluka. Mbuzi za oyandikana nawo zapeza pousa, zitosi zili mbwee m'chipinda chimene ankagona. Mwini munda wa pafupi wayamba kale kuunda mizere ya mbatata, ndipo mzere womaliza wadya theka la bwalo. Ndinayima pakhomo popanda chitsekopo n'kunena kuti odi, mwa chizolowezi. Mbuzi imodzi inatukula mutu, inandiyang'ana, n'kupitiriza kubzikula.